Zimene mwana angaphunzire pa mafuwa: zoti tikambe ndi makolo

Pa msonkhano wa makolo, kaya ku Ntengo-wa-Mbalame kaya ku Furancungo, pali funso limene mphunzitsi wa kalasi ya zinenero ziwiri salephera kulimva: "Ife Chipwitikizi sitichidziwa, nanga mwanayu timuthandiza bwanji?" Ambiri a ife timayankha kuti aziona ngati mwana walemba ntchito ya kunyumba, aziti akauka asachedwe. Yankho limeneli si loipa, koma ndi laling'ono. Mwana wa kalasi yoyamba amakhala nafe maola ochepa a m'mawa kapena a masana. Nthawi yonse yotsala ali pakhomo, pachitsime, kudimba kapena kubusa, ndipo kumeneko akuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu amene sadzitcha aphunzitsi.

Ife a zinenero ziwiri tili ndi mwayi umene anzathu akale analibe. Pamene bungwe la INDE linayesa maphunziro a zinenero ziwiri m'pulojekiti ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, wofufuza Carol Benson anaona kuti ana ankalankhula momasuka m'kalasi ndipo makolo ankaikonda sukulu yotere. Kuyambira 2003 dongosololi linalowa m'sukulu za boma, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 limalitchula ngati imodzi mwa njira zovomerezeka. Chimene chinasintha n'chakuti mphunzitsi, mwana ndi kholo tsopano ali ndi chinenero chimodzi. Nkhani imene tingaphunzire m'mabuku tingathe kuifikitsa kwa agogo osadutsa mwa womasulira. Nkhani imodzi yotere ndi ya mfundo za kaphunzitsidwe ka khalidwe.

Mfundo yake ndi yaifupi. Zimene munthu wachita zikatsatidwa ndi chinthu chomukomera, amazichitanso. Zikapanda kutsatidwa ndi kanthu, zimazilala. Edward Thorndike wa ku America anaziona mu 1898 pa amphaka amene ankawatsekera m'bokosi, chakudya chili kunja. Mphaka akakhudza mwangozi chotsegulira n'kutuluka n'kudya, ulendo wotsatira sankachedwanso monga poyamba. B. F. Skinner anaikulitsa mfundoyi, ndipo pofika 1968 panali kale magazini ya akatswiri oigwiritsa ntchito pa ana m'sukulu ndi m'nyumba. Akatswiriwa amati tikafuna kumvetsa khalidwe lililonse tiziyang'ana zinthu zitatu: chimene chinachitika khalidwelo lisanaoneke, khalidwe lenilenilo, ndi chimene chinatsatira. Makolo ambiri, ngakhalenso ife, timayang'ana chapakatikacho chokha, n'kumupatsa mwana dzina: waulesi, wamwano, wosamva. Dzina lotere silitiuza chochita mawa.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene ntchito yake ndi kusesa pabwalo. Lolemba wasesa bwino, amayi ake sanena kanthu, pakuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu wasiya zinyalala kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi amuitana, amukalipira, azakhali nawonso aikapo mawu. Pa masiku atatuwa tsiku limene akuluakulu amuyang'ana ndi kumutchula dzina ndi limene walakwa. Kwa mwana wamng'ono, kuonedwa ndi amayi ndi mphoto yaikulu kuposa siwiti, ndipo pa nyumba ya ana asanu kapena asanu ndi mmodzi mphoto imeneyi ndi yosowa. Ana ena amaipeza mwa njira yokhayo imene yatseguka, ndiyo kuputa mkwiyo.

Mu 1968 Charles Madsen, Wesley Becker ndi Don Thomas anayesa nkhaniyi m'makalasi ochepa a ana aang'ono. Aphunzitsi atanena malamulo momveka bwino n'kumawabwereza, khalidwe la ana silinasinthe kwenikweni. Kusintha kunabwera pamene aphunzitsiwo anayamba kuyamikira ana ochita bwino n'kusalabadira tizolakwa tating'ono. Kunyumba n'chimodzimodzi. Koma kuyamikira kogwira ntchito kuli ndi maonekedwe ake. Kumabwera nthawi yomweyo, tsache lili m'manja, pakuti kwa mwana fodya wake ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la nsapato za pa Khirisimasi silisesa bwalo mu Malichi. Ndiponso kumatchula chimene mwana wachita. "Wasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe, wagwira ntchito" amamuuza mwana chimene abwereze mawa. "Ndiwe mwana wabwino" samuuza kanthu.

Mukadzanena zimenezi pa msonkhano, wina adzaimirira n'kunena kuti mwana woyamikiridwa amadzitukumula, ndipo kwathu kuno sitiyamika mwana pamaso. Musamutsutse msanga, chifukwa pali zoona m'mawu akewo. Mwana amene amauzidwa kuti ndi wanzeru kuposa anzake angathe kuyamba matama. Koma mufunseni bamboyo zimene amachita mnyamata wake akabwera nazo mbuzi zonse madzulo, zitakhuta, osalowa m'munda wa eni. Ena amangogwedeza mutu n'kumwetulira. Ena amamuitana mwanayo ndi mfunda wake. Agogo aakazi amamuuza mdzukulu kuti "mwakula amuna anga", mwana n'kuyenda ngati mfumu tsiku lonse. Kuyamika kulipo kale m'miyambo yathu. Sitikuitanitsa chinthu chachilendo. Tikungopempha kuti kuzibwera kawirikawiri, pa ntchito imene yachitika, osati pa maliro pokha pamene woyamikiridwayo sakumvanso.

Pa kaphunzitsidwe ka ntchito yaitali, amayi a kumudzi ali patsogolo pa mabuku. Kuphika nsima si ntchito imodzi. Pali kusonkha moto, kutereka mphika, kuyesa ngati madzi afunda, kuthira ufa wa phala, kudikira kuti libwate, kuwonjezera ufa, kuvundula ndi mthiko, ndi kuomola ndi chipande. Palibe mayi wanzeru amene amapatsa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu zonsezi tsiku limodzi. Ambiri amayamba ndi kumapeto. Nsima yapsa, mayi amupatsa mwana chipande kuti aviike m'madzi n'kuomola mtanda umodzi. Mtandawo upita pa mbale, anthu adya. Sabata lina mwanayo avundula kamphika kakang'ono kamene mayi wathira kale ufa. Kusonkha moto ndi kuyesa ufa zimabwera pambuyo. Akatswiri a khalidwe anaipatsa njirayi dzina lake, kulumikiza ntchito kuyambira kumapeto, ndipo chifukwa chimene imagwirira ntchito n'chomveka: tsiku lililonse mwana ndiye amene amamaliza, ndipo mphoto, imene ndi nsima ya pa mbale, imagwera pa dzanja lake. Amene wayamba ndi kusonkha moto amakumana ndi utsi ndi misozi, nsima ili kutali.

Njira yomweyi igwira pa kumanga mabatani a malaya a sukulu, pa kutsuka mbale n'kuziika pa thandala, pa kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, ngakhale pa kulongedza makope m'thumba usiku. Wamkulu achite zonse, asiye chomaliza. Chikakhazikika asiye ziwiri.

Chovuta si kuthandiza mwana koma kusiya kumuthandiza. Poyamba wamkulu amagwira dzanja la mwana pa mthiko. Kenako amangokhudza chigongono. Kenako amangoloza, kenako amangonena mawu amodzi, pomaliza amakhala chete. Pa sitepe iliyonse ayenera kudikira pang'ono asanathandize, nthawi yokwana kupuma katatu kapena kanayi, kuti aone ngati mwana ayamba yekha. Kholo lotanganidwa limaona kuti kudikira n'kutaya nthawi, ndiye limalanda mthiko. Ifenso m'kalasi timachita zomwezo tikafunsa funso n'kuliyankha tokha, ana n'kubwereza onse pamodzi. Mwana wozolowera zimenezi amaphunzira chinthu chimodzi bwino lomwe: ukakhala chete, wamkulu achita yekha.

Mfundo ina ndi yachidule. David Premack anaonetsa mu 1959 kuti chinthu chimene munthu amakonda kuchita chingakhale mphoto ya chinthu chimene sakonda. Ndiye kuti dongosolo likhale "yamba wathirira mbewu, kenako upite ku mpira", osati "pita ku mpira koma ukabwera uthirire". Mphotoyi siidya ndalama, pakuti mpira, phada, fulaye ndi nthano za madzulo zilipo kale. Chofunika n'chakuti kholo lisunge mawu ake. Mwana akathirira n'kuuzidwa kuti palinso nkhuni zowaza, mawa sakhulupiriranso.

Tsopano tifike pa chinenero, pamene pali ntchito yathu yeniyeni. Betty Hart ndi Todd Risley ankagwira ntchito pa sukulu ya mkaka ya ana a mabanja osauka ku Kansas City. Aphunzitsi ankawaphunzitsa anawo maina a mitundu ya zinthu, chofiira, chobiriwira, atakhala pagulu, ndipo anawo ankayankha bwino. Koma pa nthawi yosewera mawuwo sankamveka m'kamwa mwawo. Ndiye anasintha njira. Mwana akafuna choseweretsa, mphunzitsi ankayamba wamufunsa mtundu wake, mwana akatchula n'kumupatsa. Mawu aja anayamba kutuluka okha. Zimenezi anazilemba mu 1968, ndipo mu 1975 anaifotokoza njirayi mokwanira ngati kuphunzitsa pa mpata umene mwana watsegula yekha. Phunziro limayamba ndi chofuna cha mwana, limatenga kanthawi kochepa, ndipo mphoto yake ndi chinthu chomwecho chimene amafuna.

Pakhomo mipata yotere ndi yosawerengeka. Mwana wa zaka zinayi waloza dengu la mapichesi n'kung'ung'udza. Amayi angathe kungomupatsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Angathenso kudikira pang'ono n'kufunsa, "Ukufuna chiyani?" Akati "pichesi", amupatse. Mwezi wamawa afunse, "Liti, lalikulu kapena laling'ono?" Pambuyo pake, "Angati? Wina upatsa ndani?" Mwana akalephera, amayi anene okha mawuwo, mwana ayese kubwereza, ndipo ngakhale atchule mopotoka alandire pichesi lake. Cholinga si kumuzunza ndi njala ya chipatso. Funso limodzi kapena awiri akwana.

Ku Tsangano nthawi yokumba kachewere, banja lonse limakhala pansi kusankha wamkulu, wapakati ndi wambewu. Imeneyi ndi ntchito ya masamu ya kalasi yoyamba: kusiyanitsa, kuika m'magulu, kuwerenga milu, kuona mulu umene wachuluka. Mwana amene wafotokozera agogo ake chifukwa chimene waikira kachewere uyu pa mulu uwu wachita chinthu chimene timavutika nacho m'kalasi, ndicho kunena chifukwa. Wachita m'Chinyanja, ndipo n'chimene tikufuna. Maphunziro a zinenero ziwiri aima pa mfundo yakuti luso limene mwana wapeza m'chinenero chake silitayika akayamba kuphunzira m'chinenero chachiwiri. M'dongosolo la 2003 Chipwitikizi chinaikidwa kuti chiyambe kukhala chinenero chophunzitsira pa kalasi yachinayi, ndipo tonse tikudziwa kuti ana ambiri amapunthwa pamenepo. Wofika pa mlathowu akudziwa kale kufotokoza, kufunsa ndi kulongosola nkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza amangofunika mawu atsopano. Wofika alibe lusoli amafunika zonse ziwiri nthawi imodzi. Choncho kholo losadziwa Chipwitikizi lisapepese. Ntchito yake ndi kumulankhulitsa mwana m'chinenero chimene kholo likuchidziwa bwino.

Pano tiyenera kuika malire. Skinner analemba buku mu 1957 lofotokoza chinenero ngati khalidwe lophunziridwa mwa zotsatira zake, ndipo Noam Chomsky analitsutsa kwambiri mu 1959, kunena kuti ana amapanga ziganizo zimene sanazimvepo ndipo palibe anawapatsa mphoto chifukwa cha izo. Pa mfundo imeneyi Chomsky ananena zoona. Palibe mayi amene anaphunzitsa mwana wake kuti timati "chipande changa" koma "mthiko wanga". Mwana amazitola yekha pomva anthu akulankhula. Mfundo za khalidwe sizipanga chinenero m'mutu mwa mwana. Chimene zimachita ndi kuchulukitsa kapena kuchepetsa kulankhula kwake, ndipo zimenezo si zazing'ono. Agogo ambiri a ana athu anaphunzira pa nthawi imene kulankhula chinenero cha kwanu pa sukulu kunali mlandu. Chilango chimenecho sichinawaphunzitse Chipwitikizi. Chinawaphunzitsa kutseka pakamwa, ndipo ena mpaka lero akafika pa bwalo la sukulu amalankhula motsitsa mawu. N'chifukwa chake mkulu wake wa mwana, amene ali kusekondale ndipo akufuna kumuthandiza Chipwitikizi, tizimulangiza kuti asamaseke mng'ono wake akalakwitsa. Angobwereza chiganizocho molondola n'kupitiriza kucheza.

Nanga khalidwe lovuta? Tsiku la msika mwana waona zitumbuwa, walira. Amayi akana. Alira mokweza, adzigwetsa pansi, anthu ayamba kuyang'ana, amayi achita manyazi n'kutulutsa metikali. Gerald Patterson, amene anaphunzira mabanja ku Oregon kwa zaka zambiri n'kulemba buku la nkhaniyi mu 1982, anaonetsa kuti pa mphindi imeneyi anthu awiri aphunzira. Mwana waphunzira kuti kulira pang'ono sikugula kanthu koma kulira kwambiri kumagula. Amayi aphunzira kuti kugonja kumaletsa phokoso. Aliyense walandira mphoto yake, ndipo sabata lamawa zibwerezedwa mokulirapo.

Pali zinthu ziwiri zimene kholo liyenera kuuzidwa lisanayese kusintha. Choyamba, likasiya kugonja, kulirako kumayamba kwakula kusanachepe. Mwana akuyesa ngati chitseko chimene chinkatseguka chatsekekadi. Makolo ambiri amabwerera m'mbuyo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu poganiza kuti njirayi yalephera, pamene ikugwira. Chachiwiri, kugonja mwa apo ndi apo n'koipa kuposa kugonja nthawi zonse. Khalidwe limene limapindula nthawi zina zokha ndi louma mutu kwambiri. Ndi chimenenso chimamusunga munthu pa juga ngakhale akuluza. Ndiye ngati amayi akana koma agogo apereka, palibe chimene chichitike. Pa mudzi pamene mwana amaleredwa ndi anthu ambiri, nkhaniyi iyenera kukambidwa ndi onse. Ndipo njira yabwino ndi kugwira ntchito pa chinthu choyamba chija, chimene chimachitika kulira kusanayambe. Asananyamuke kunyumba mwana auzidwe kuti lero kuli chitumbuwa chimodzi pobwerera, ngati wayenda bwino, ndipo adye kaye asanapite. Zonsezi zikunena za kulira kofuna chinthu. Mwana wolira chifukwa cha kutentha thupi, kupweteka kapena mantha sanyalanyazidwa, ndipo m'nyengo ya malungo kholo liyambe lamugwira pamphumi.

Za mkwapulo tinene mosabisa. Kumenya kumaletsa khalidwe pa nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake womenya amakhulupirira kuti kumathandiza. Nayenso walandira mphoto yake ya bata. Koma sikumuuza mwana chimene akanachita m'malo mwake, ndipo kumamuphunzitsa kupewa womenyayo. Wosweratu chikho amabisa zidutswa. Wolephera mayeso amang'amba pepala. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa zofufuza za zaka makumi asanu, zokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze umboni wakuti kumenya kumakonza khalidwe pa nthawi yaitali. Anapeza kuti kumayendera limodzi ndi ukali wochuluka mwa ana. Chilango chimene chimaphunzitsa ndi chogwirizana ndi cholakwacho. Wataya madzi posewera akatunge ena. Wamwaza nyemba azitole. Likatha, nkhani ithe, asakumbutsidwenso pa chakudya chamadzulo. Kumumana mwana nsima kusakhale chilango pa nyumba iliyonse. Mwana wogona ndi njala ndi amene timamuona akusinza pa benchi m'mawa.

Ena akamva za mphoto amaganiza za ndalama. Apa tichenjere. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anatenga ana a sukulu ya mkaka amene ankakonda kale kujambula, ena mwa iwo n'kuwalonjeza mphoto akajambula. Patapita masiku, olonjezedwawo ankajambula mocheperapo pa nthawi yawo yosewera poyerekeza ndi anzawo. Chinthu chimene mwana amachikonda kale sichifuna malipiro, ndipo ntchito ya pakhomo siganyu. Mphoto yogwirika ingathandize poyambitsa chizolowezi chovuta, koma ichepe msanga, patsale mawu ndi kuona kwa makolo.

Palinso chenjezo lina limene ife aphunzitsi sitingalisiye. Njira zimenezi n'zamphamvu, ndipo zingagwiritsidwe ntchito kumusenzetsa mwana katundu woposa msinkhu wake. Ku Macanga kuthyola ndi kusoka fodya kumagwa m'miyezi yoyamba ya chaka cha sukulu, ndipo mabenchi opanda anthu timawaona. Fodya wamuwisi, makamaka wonyowa, amalowetsa nikotini kudzera pakhungu, mwana n'kumva chizungulire ndi nseru. Imeneyo si ntchito yophunzitsira mwana. Tiyang'anenso amene akuyamikiridwa pa chiyani. Ngati mtsikana amamva mawu abwino pokhapokha akatunga madzi ndi kubereka mwana, koma akatsegula buku palibe amene amamuona, pofika kalasi yachisanu adzakhala atasankha kale mbali imene ili ndi phindu.

Pofikitsa zonsezi kwa makolo, kulalikira sikuthandiza. Tanena kale kuti malamulo okha sasintha khalidwe, ndipo akuluakulu sasiyana ndi ana pamenepa. Maphunziro a makolo otchedwa Parenting for Lifelong Health, amene anayambira ku South Africa mothandizidwa ndi WHO ndi UNICEF, amadalira kwambiri kuyeserera: kholo limodzi likhala mwana, lina likhala mayi, gulu lionerera n'kukambirana. Zimenezi zingachitike pansi pa mtengo pa msonkhano wa Conselho de Escola, ndipo anthu amaseka kwambiri bambo wa ndevu akamadzigwetsa pansi kufuna chitumbuwa. Mungayambe mwayeserera nokha pa tsiku la ZIP. Kholo lililonse lisankhe ntchito imodzi yokha, monga kusamba m'manja asanadye, ndi mwana mmodzi. Lisanasinthe kanthu liwerenge kwa sabata limodzi: tsiku limene mwana wachita yekha osauzidwa, liponye njere ya chimanga m'chitini. Sabata lachiwiri liyambe kuyamikira nthawi yomweyo, njere zipite m'chitini china. Pa msonkhano wotsatira abwere nazo zitini zonse ziwiri, ndipo owerenga njerezo pamaso pa gulu akhale ana eni ake, poyamba m'Chinyanja, kenako m'Chipwitikizi.